Kukweza galimoto kuti ilowe matayala aakulu: chimene chimakwera ndi chimene chimatsalira pansi

Moatize – Mvula ikamayandikira, amakaniko a m'mbali mwa msewu wa N7 amalandira pempho limodzimodzi kuchokera kwa eni magalimoto okoka ndi matayala onse anayi: galimoto ikwezedwe pang'ono, ilowe matayala aakulu. Opempha zimenezi si anthu a masewera. Ndi alimi ndi ogula mbewu amene Prado, Hilux Surf, Pajero kapena Fortuner yawo imasiya phula ku Kambulatsitsi, ku Mussacama kapena ku Zóbuè n'kulowa m'misewu ya fumbi yopita kuminda ndi kumidzi ya m'malire. Galimoto yomweyo imanyamula feteleza popita, mbatata ya kachewere ndi matimati pobwera, ndipo usiku wina imasanduka ambulansi ya mudzi wonse.

Chimene chimawavutitsa n'chodziwika. Mu Januwale ndi Febuluwale malole ndi mathirakitala amakumba ngalande ziwiri m'msewu, n'kusiya mtumbira pakati ngati mzere wa m'munda. Galimoto yaing'ono ikalowetsa matayala m'ngalandemo, mimba yake imakhala pamtumbira, matayala n'kumangozungulira osagwira pansi. Pamenepo injini ilibenso mawu. Chotsala ndi khasu, miyala ndi anyamata okankha, pamene matimati akupsa ndi dzuwa m'madengu.

Ndiye kukweza galimoto kumamveka ngati yankho. Koma pali chinthu chimodzi chimene mwini galimoto ayenera kuchimvetsa asanatulutse ngakhale metical imodzi.

Difu sikwera ndi mola

Munthu akagwada kumbuyo kwa Prado, Surf kapena Fortuner n'kusuzumira pansi, amaona chitsulo chachitali cholumikiza matayala awiri akumbuyo, ndipo pakati pake pali chotupa ngati dzungu. Chotupacho ndi difu, chimene pa Chipwitikizi amati diferencial. Ndicho chimayandikira nthaka kwambiri, ndipo ndicho chimayamba kukwapula mtumbira.

Difuyo sinakhale pamwamba pa masipuling'i, amene m'maoficina amangoti mola. Ili pansi pake, yomangiriridwa ku matayala. Choncho mola zikasinthidwa n'kuikapo zazitali, thupi la galimoto ndi chasisi zimakwera, koma difu yakumbuyo imatsala pomwe inali. Galimoto imaoneka yaitali ikaima pamsika, komabe pamtumbira uja idzakodwa monga kale.

Chimene chimakweza difu ndi tayala lokha. Ndipo tayala limaikweza ndi theka chabe la kukula kwake, chifukwa theka linalo limapita m'mwamba, m'kati mwa chibowo cha tayala. Ntchito yeniyeni ya mola zazitali ndi kupereka malo oti tayala lalikulu lizungulire osakhula thupi la galimoto. Zimathandizanso kuti mphuno, mchira ndi pakati pa galimoto zisamagunde potsika m'khwawa kapena pokwera chitunda. Zimenezo n'zaphindu, koma n'zosiyana ndi zimene ambiri amaganiza kuti akugula.

Kutsogolo nkhani imasiyanako. Magalimoto ambiri a mtundu umenewu ali ndi tayala lililonse lakutsogolo pamikono yakeyake, ndipo difu yakutsogolo inamangiriridwa ku chasisi, motero imakwera nayo limodzi. Pajero yopangidwa kuyambira cha m'ma 2000 ili choncho ngakhale kumbuyo. Land Cruiser ya mtundu wa 70, ija imaoneka kawirikawiri ndi a zaumoyo ndi a m'migodi, ili ndi chitsulo chathunthu kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndiye madifu ake onse awiri amadalira tayala.

Manambala a pambali pa tayala

Ma Prado ambiri a mtundu wa 120 ndi 150, ndi ma Fortuner ambiri, amabwera ndi tayala lolembedwa 265/65R17. Nambala yoyamba ndi kufupika kwa tayala m'mbali, mamilimita 265. Yachiwiri ikutanthauza kuti khoma la tayala, kuchokera pa jante kufika pamapazi ake, ndi magawo 65 pa 100 a nambala yoyamba ija. Yachitatu ndi kukula kwa jante, mainchesi 17. Zonse zikaphatikizidwa, tayala limeneli ndi lalitali mamilimita 776 kuchokera pansi kufika pamwamba.

Lotsatira lake ndi 265/70R17, lomwe ndi mamilimita 803. Kusiyana kwake ndi mamilimita pafupifupi 27, ndiye difu imakwera ndi mamilimita 13, kosaposa kunenepa kwa chala chaching'ono. Tayala limene anyamata ambiri amasirira, 285/70R17, ndi mamilimita 831: limakweza difu ndi mamilimita 27, zala ziwiri zosakwana bwino.

Pa magalimoto akale a jante ya 16 masamu ndi omwewo. Tayala la 265/70R16 ndi mamilimita 777, la 265/75R16 ndi 804, ndipo la 235/85R16 ndi 806. Lomalizali anthu ambiri amalinyoza chifukwa ndi lopyapyala, silidzaza maso. Koma kwa mlimi ndilo loyenera kuliganizira. Ndi lalitali mofanana ndi anzake aja, silikhula msanga chiwongolero chikakhotetsedwa mpaka kumapeto, ndipo pamatope okhala ndi nthaka yolimba pansi limaboola n'kukagwira pamene tayala lotambalala limangoterereka pamwamba. Chofunika n'kuona ngati jante ili yoyenera, chifukwa tayala lopyapyala silikhala bwino pa jante yotambalala kwambiri.

Mamilimita 13 angamveke ngati nthabwala. Komabe amene anakodwapo amadziwa kuti nthawi zambiri galimoto imagwidwa ndi kachidutswa kochepa ka dothi. Phindu lilipo, kungoti ndi laling'ono, ndipo mtengo wake uyenera kuyezedwa ndi kuchepa kwakeko.

Tepi iyambe, sipanala itsatire

Magalimoto ambiri oyenda m'chigawo cha Tete anabwera ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan kapena ku South Africa, ndipo atafika kuno anasenza matumba kwa zaka. Mola zake zinatopa, zinafwamphuka. Galimoto yotere si yaifupi chifukwa cha mapangidwe ake, koma chifukwa inakhala pansi. Mola zatsopano za msinkhu wa kufakitale zokha zimatha kuibwezera masentimita awiri kapena atatu amene inataya, ndipo nthawi zina tayala lokulirapo ndi sitepe imodzi limalowa popanda kukweza kwina kulikonse.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Galimoto iime pamalo osalala, yopanda katundu, ndipo tepi iyambire pakati penipeni pa jante kufika m'mphepete mwa chibowo cha tayala. Kuyeza kuchokera pansi kumanamiza chifukwa mpweya wa m'tayala umasinthasintha. Manambala anayiwo alembedwe papepala. Akaonetsa kuti mbali imodzi yatsika kuposa inzake, kapena kuti kumbuyo kwagwa, vuto ndi mola zotopa, ndipo kuika chokwezera pamwamba pa mola yotopa kuli ngati kufolera udzu watsopano pa mitengo yodyedwa ndi chiswe. Pepala lomwelo lidzathandizanso ntchito ikatha, kuti mwini aone ngati galimoto yakweradi ndi muyezo umene anagwirizana.

Njira zokwezera

Njira yabwino ndi kusintha mola pamodzi ndi ma amortecedor, zitsulo zija zimaletsa galimoto kudumphadumpha, ndi kugula zopangidwira galimoto imeneyo ndi msinkhu umenewo. Ndi yodula, koma galimoto imayenda bwino ikasenza. Amortecedor wakale akasiyidwa pa mola yaitali amatambasuka mpaka kumapeto pa bampu iliyonse, ndipo sachedwa kutha.

Njira yotchipa ndi kuika mphete yachitsulo kapena ya pulasitiki yolimba pamwamba pa mola. Imagwira ntchito ngati mola zili zamoyo ndipo mpheteyo ndi yochepa. Apa pali msampha umene umagwira ambiri: kutsogolo, pa magalimoto a mikono aja, mphete ya mamilimita 25 imakweza galimoto pafupifupi kawiri, chifukwa mola imakhala pakati pa mkono osati kunsonga kwake. Amene amaitanitsa mphete ya mamilimita 50 pofuna kukwera 50 amadzapeza galimoto itayang'ana kumwamba.

Pajero zakale, Isuzu Bighorn ndi Nissan Terrano zina zilibe mola zopiringiza kutsogolo. Zili ndi ndodo yachitsulo yopotoka, yokhala ndi bawuti yomangira. Kumanga bawutiyo kumakweza galimoto kwaulere, n'chifukwa chake anthu amapitiriza muyezo. Akamanga kwambiri, tayala limasowa mpata wotsikira m'dzenje, galimoto imauma ngati ngolo, ndipo m'malo okumbika tayala limodzi limalendewera m'malere msanga kuposa kale.

Palinso kukweza thupi lokha, poika zidutswa pakati pa thupi ndi chasisi. Kumapereka malo a tayala koma sikukweza chilichonse cha pansi, ndipo kumakoka ndodo ya chiwongolero, mapaipi ndi mawaya. Zidutswa zodulidwa ku paipi ya madzi, ku thabwa kapena ku tayala lakale siziyenera kuyandikira galimoto yonyamula anthu, ngakhale mmisiri atalumbira kuti anachitapo kambiri. Chimodzimodzinso kuwotcha mola zamasamba pamoto kuti zipindike: chitsulo cha mola chikapsa chimataya mphamvu yake, chimagwanso pakapita miyezi yochepa kapena kuthyoka galimoto itasenza.

Chifukwa chake malire ali pa masentimita asanu

Amisiri a ntchito imeneyi m'maiko ambiri amati kukweza kwa mamilimita 40 mpaka 50 ndiko kochepa, kumene galimoto imalandira popanda kusintha zitsulo zina zambiri. Malirewa ali ndi chifukwa chake.

Mphamvu yochokera ku difu yakutsogolo imafika ku matayala kudzera m'ndodo ziwiri zokhala ndi mfundo zopindika, zimene amakaniko amati CV. Mfundo iliyonse inaphimbidwa ndi mphira wamakwinya wosunga girizi. Galimoto ikakwera, ndodozo zimapendekeka. Zikapendekeka kwambiri, makwinya a mphira amakhulana mpaka kung'ambika, girizi imatuluka, ndipo fumbi la Moatize, losakanikirana ndi la malasha, limalowa n'kuyamba kupera chitsulo. Chizindikiro chake ndi kulira kwa ta-ta-ta pokhota. CV ikathyoka pakati pa matope, galimoto ija yokoka ndi matayala anayi imasanduka yokoka ndi awiri, kapena osayenda n'komwe.

Mikono ya kumtunda nayo ili ndi mfundo zimene zimafika pamathero ake galimoto ikakwezedwa mopitirira. Kumbuyo, pa magalimoto a mola zopiringiza, pali ndodo yopingasa imene imagwira chitsulo cha matayala kuti chisasunthire m'mbali. Thupi likakwera kwambiri, ndodoyo imakokera matayala onse akumbuyo mbali imodzi. Mapaipi a mphira a mabuleki ayenera kuonedwa galimoto itanyamulidwa ndi jeke, matayala akulendewera: paipi ikakhala yokokeka ngati chingwe cha gitala, tsiku lina idzaduka. Hilux ndi Land Cruiser zakale zilinso ndi kachipangizo kumbuyo kamene kamayeza kulemera kwa katundu n'kugawa mphamvu ya mabuleki. Thupi likakwera, kachipangizoko kamaona ngati galimoto ilibe katundu ndipo kamachepetsa mabuleki akumbuyo, pokhapokha mmisiri atakonza kamkono kake.

Ntchito ikatha, galimoto ipite ku alinhamento, apo ayi matayala atsopano aja adzadyeka mbali imodzi nyengo ya mvula isanathe. Nyali zakutsogolo nazo ziwongoledwe. Pa N7 usiku pamadutsa malole ochokera ku Beira kupita ku Malawi, ndipo kuthobwa m'maso woyendetsa lole pamsewu wopapatiza si nkhani yaing'ono.

Tayala la 285 ndilo limabweretsa chopukusira. Pa Prado ndi Hilux zambiri limakhula kumbuyo kwa chibowo chakutsogolo, pamene pali chitsulo chogwira thupi ku chasisi, ndipo ena amachidula n'kuwotcherera. Kudula kachidutswa ka pulasitiki kotchinga matope kulibe vuto. Kudula chasisi chifukwa cha mamilimita 14 owonjezera ndi malonda oipa.

Zimene zimasintha pamsewu

Wotchi ya liwiro imawerenga kuzungulira kwa tayala, sidziwa kuti tayala lakula. Ndi 265/70R17 galimoto imathamanga kuposa kale ndi magawo atatu pa 100, pamene ndi 285/70R17 ndi magawo asanu ndi awiri. Singano ikaloza 60, liwiro lololedwa m'matauni, galimoto ya matayala a 285 ingakhale ili pa 64. Mawotchi ambiri amachoka kufakitale akuwerenga mopitirira pang'ono, ndiye sitepe imodzi ya tayala nthawi zambiri imangodya kampata kameneko. Masitepe awiri amakafikitsa munthu m'manja mwa apolisi apamsewu. Foni yokhala ndi GPS imathetsa mkangano pa ulendo umodzi. Makilomita nawo amawerengeka ochepa, choncho nthawi yosinthira oyilo imafika wotchi isananene.

Mphamvu yokoka imatsika ndi muyezo womwewo. Kuchigwa kwa Moatize sizimveka kwenikweni, koma msewu ukayamba kukwera mapiri kulowera ku Zóbuè, galimoto yosenza imafuna giya yotsika pamalo pamene kale inkadutsa mosavuta, ndipo giyabokosi yosintha yokha imatentha. Dizilo imapita yambiri. Potsetsereka, mabuleki omwe aja amagwira ntchito yoimitsa tayala lalikulu ndi lolemera.

Choopsa kwambiri n'chakuti galimoto yaitali imagubuduka msanga. Masentimita asanu a mola ndi limodzi la tayala akweza kale kulemera konse kwa galimoto. Pamwamba pa zimenezo pakabwera kaliyala wa padenga wodzaza matumba a mbatata, ndiye mbuzi kapena njinga yamoto n'kutulukira mwadzidzidzi pokhota, galimoto imene kale ikanangopendama imatha kugona chammbali. Katundu wolemera malo ake ndi pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Padenga ndi pa madengu opanda kanthu, mphasa ndi masamba.

Mola zolimba zimanamizanso mwanjira ina. Galimoto sikhalanso pansi ikasenza, ndiye mwini amaganiza kuti tsopano ingathe kunyamula zambiri. Koma mabuleki, mabeling'i ndi chasisi ndi zomwe zija. Muyezo uli mu livrete: peso bruto kuchotsapo tara. Mwachitsanzo, kusiyanako kukakhala makilogalamu 700, anthu asanu atenga kale pafupifupi theka, ndipo otsalawo ndi matumba asanu ndi awiri a makilogalamu 50. Kukweza sikuwonjezerapo thumba ngakhale limodzi.

Pogula matayala

Matayala agulidwe asanu, osati anayi. Prado imakoka ndi matayala onse nthawi zonse, ndipo tayala limodzi laling'ono pakati pa aakulu atatu limapangitsa madifu kugwira ntchito mosapuma. Lapadera liyesedwe ngati likulowa m'malo mwake, makamaka pa magalimoto amene limakhala pansi pa thupi. Jeke, amene kuno amatchedwanso macaco, ayesedwenso pakhomo: wakufakitale nthawi zina safikanso galimoto ikakwera, ndipo thabwa lochindikala liyenera kuyenda nawo.

Pambuyo pa manambala a kukula pali nambala ya katundu. 112 ikutanthauza makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi, 121 ndi 1,450. Tayala latsopano lisatsike pa nambala ya lakale. Olembedwa LT ali ndi khoma lolimba, lopirira miyala ndi zitsa za m'misewu ya kuminda, ngakhale kuti galimoto imauma nawo pang'ono. A mapazi akuluakulu a matope amakoka bwino mu Febuluwale, koma paphula amalira, amatha msanga ndipo saima bwino pakagwa mvula. Amene ulendo wake wambiri ndi wa pa N7 amapindula ndi apakatikati, olembedwa A/T.

Matayala ogwiritsidwa kale ntchito amakopa chifukwa cha mtengo. Zaka zake zinalembedwa pambali: pamapeto pa mzere woyamba ndi DOT pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lakale limatha kukhala ndi mapazi abwino koma mphira wake utauma, ndipo kutentha kwa Moatize mu Okutobala ndi Novembala, pamene kumapitirira madigiri 40, sikulikhululukira. Kuchepetsako mpweya pamatope kapena pamchenga kumathandiza kwambiri, nthawi zina kuposa kukweza kumene, koma pompa iyenera kukhala m'galimoto kuti mpweya ubwerere asanakwere phula. Tayala lofewa lothamanga paphula lotentha ndilo limaphulika.

Mapepala ndi madzi

Livrete imalemba maonekedwe a galimoto, kuphatikizapo muyezo wa matayala, ndipo galimoto imayenera kufanana ndi pepala lake pa inspecção ndi pamsewu. Nzeru ndi kufunsa ku ofesi ya INATRO ku Tete ntchito isanayambe, osati itatha, kuti zosinthazo zivomerezedwe ndi kulembedwa. A inshuwalansi nawo auzidwe. Kwa amene amawoloka pa Zóbuè kupita ku Mwanza, mapepala amaonedwa mbali zonse ziwiri za malire, ndipo kusiyana kulikonse kumachedwetsa ulendo katundu wowola ali m'galimoto.

Madzi ndi nkhani ina. Galimoto yokwezedwa imapatsa woyendetsa mtima woti awoloke pamene ena aima. Masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi sasintha kanthu pamadzi othamanga: amakankha mbali yonse ya galimoto, amakumba mchenga pansi pa matayala, ndipo injini ya dizilo ikamwa madzi ngakhale ochepa imatha pomwepo. Anthu a Moatize ndi Tete akukumbukira mmene Revúbuè unasefukira mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana, n'kuwononga mlatho ndi kukokolola galimoto pamodzi ndi anthu ake. Timitsinje ta kumapiri a Zóbuè timadzaza mofulumira mvula ikagwa kumtunda, ndipo timaphweranso pakapita maola ochepa kwa amene wadikira.

Mwini galimoto asanamalize kulipira mmisiri, pali kuyesa kumene kumatenga mphindi khumi. Chiwongolero chikhotetsedwe mpaka kumapeto, kumanja ndi kumanzere, galimoto ikupita kutsogolo kenako ikubwerera m'mbuyo, chifukwa kukhula kwambiri kumamveka pobwerera. Kenako tayala limodzi lakutsogolo likwezedwe pachitunda, galimoto itasenza monga imasenzera tsiku la msika, ndipo wina asuzumire m'zibowo zonse zinayi kufunafuna pamene mphira wasiya chizindikiro chakuda kapena pamene utoto wapalika. Pakatha sabata imodzi ya maulendo, mabawuti onse a mola ndi a matayala amangidwenso, ndipo tepi ija ibwerere pa jante kuti manambala atsopano alembedwe pansi pa akale.